Mitengo Imene Inadya Nyumba

Moni kwa inu amene mwakhala pansi kuti muwerenge nkhaniyi. Tiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene watidzutsa ndi moyo, natipatsa pobisalira dzuwa ndi mvula. Ngati denga lili pamutu panulo ndi lanulanu, yamikani kawiri, pakuti alipo ena amene dzulo anali nalo koma lero alibe.

"Bwezerani tchizulocho pa benchi, bambo. Ndagwira mwendo wanu."

Nambande anali ataima pakhomo, manja atagwira mbali zonse za chitseko. Mwamuna wake, kalipentala wa pamalopo, anali ndi tchizulo dzanja lina, hamala dzanja lina, utuchi udakali m'tsitsi.

"Choka pakhomo, mayi. Mitengo yako ija ndikuisenda makungwa lero lomwe. Iume, tipume."

"Muisende kuti akumangeni? Mwaiwala zimene alonda a kampani anam'chita wowotcha njerwa uja? Iye anangodula nthambi ya mpini, koma mpaka lero akuyenda chotsimphina."

"Ndiye tipinde manja mpaka adzatigwetsere nyumba pamutu? Sunamve zimene a kampani ya mitengo ananena kumsonkhano? Kandege kawo kopanda munthu kaja kajambula dera lonse lino kuchokera kumwamba. Paliponse pamene paoneka pobiriwira, ati ndi nkhalango ya kampani. M'nkhalango simukhala munthu, simulimidwa, simusonkhedwa moto. Tandiuza, pamudzi ponse pano pobiriwira ndi pa yani?"

Yankho linali pawindo. Mitengo inali itazinga nyumba ndi munda womwe, nthambi zitakumana pamwamba, mthunzi uli wandiweyani mpaka pakhonde.

"Anzako analandira mbande zomwezo, nazisiyira mbuzi," anapitiriza kalipentala. "Lero mabwalo awo ali mbee, ndipo akugona tulo. Iwe m'mawa ku mjigo, madzulo ku mjigo, kutchingira ndi minga, kuziimbira nyimbo za kwaya ngati ana a Sande sukulu. Mpaka dzina lako lenileni anthu analiiwala, nakutcha Nambande. Wopusa anaomba ng'oma, ochenjera navina."

"Anati n'zaulere, bambo. Anati mitengo idzakhala yathu, iwo akungofuna mpweya wake."

"Mpweya! Anthu a kutsidya kwa nyanja zazikulu afukiza utsi m'mafakitale awo, ndiye ati mitengo ya pakhomo panga ndiyo iziumwa, iwo n'kumalipira kampani. Utsi ndi wawo, koma nyumba yochoka ndi yanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Ine ndinapatsidwa chinthu chamoyo m'manja. Mumafuna ndichiphe? Tsiku lomaliza ndikanakayankha chiyani kwa Mwini moyo?"

"Iwe ukayankha tsiku lomaliza. Ine ndiyankha mawa, mwana ali m'chipindamu akandifunsa kokachirira."

Chinsalu cha kuchipinda chinagwedezeka. Mwana wawo wachisamba, amene anabwera kwa makolo ake kudzadikira nthawi yake, anatulukira atagwira msana, mimba ili patsogolo.

"Amayi, ababa, khoma ili n'lopyapyala. Ndikumva zonse. Uyu ali m'mimbayu akumvanso, akungondimenya mateche ngati akufuna kutuluka adzakuweruzeni."

Kalipentala anayang'ana mimba ija, nayang'ana mkazi wake. Anaika tchizulo pa benchi pang'onopang'ono, natuluka panja.

Patapita masiku kunabwera mlongo wake wa Nambande, wamng'ono, amene ankagwira ntchito ya ulonda ku kampani ya mitengoyo. Chilandirireni nsapato za ntchito, anthu ankamutcha Jombo. Anafika dzuwa lili paliwombo, njinga yamoto ataisiya kuseri kwa chulu kuti anzake asaione pakhomopo.

"Fikani, alamu," anatero kalipentala osadzuka pa benchi. "Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Mwabwera kudzayeza chitseko changa kuti mudziwiretu pomenya?"

"Mawu amenewo ndi olemera, alamu. Inenso ndili ndi ana ofuna kudya."

"Adye bwino. Nyumba ya mlongo wanu ndi ndiwo yonona."

Nambande anam'patsira madzi m'kapu, nakhala pansi pafupi naye.

"Imwa, iwe. Ndinakubereka kumsana ine, usandibisire. Afika liti?"

"Tsiku sindilidziwa, achemwali. Satiuza, amaopa kuti titsina khutu abale athu. Koma kumtunda kuja amaliza, tsopano akutsika ndi mtsinje. Oyamba kubwera ndi oyendera, kudzaona ngati mitengo ya pa chithunzi ilipodi ndipo ili moyo. Akavomereza, amapaka utoto wofiira pakhoma. Utoto ukauma, lole imafika."

"Nanga akapeza kuti mitengoyo kulibe?" anafunsa kalipentala.

"Musayerekeze, alamu. Uliwonse uli ndi kachitsulo ka nambala. Akapeza chitsa, kapena bala la chikwanje pa tsinde, si kusamuka kokha. Ndi ndende. Ati mwaba katundu amene anagulitsidwa kale kunja."

"Anagulitsidwa kale? Mtengo uli pakhomo panga?"

"Mtengo ayi. Ntchito yake yomwa utsi."

Kalipentala anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Nambande anagwira mkono wa mlongo wake.

"Palibe ndi mmodzi yemwe anapulumukapo?"

Jombo anayang'ana kumsewu, natsitsa mawu.

"Banja limodzi, kuseri kwa phiri. Mitengo yawo inadyedwa ndi chiswe, inauma yokha. Oyendera anati mtengo wouma sumwa utsi, ulibe phindu. Malire anawakhotetsa, nyumba inatsala kunja."

"Ndiye tipemphere chiswe," anatero kalipentala. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikulimbana nacho pa matabwa. Lero ndichiyalire mphasa ngati mlendo wolemekezeka."

Jombo anaimirira, nabweza kapu.

"Ine sindinanene kanthu. Sindinafikenso pano. Tsiku limenelo mukadzandiona, musadzandipatse moni. Ndipo inu achemwali, musadzandiyang'ane m'maso."

Lamulungu lotsatira, mpando wa mayi woyambitsa nyimbo ku kwaya unali wopanda munthu. Iye anali wa kumtunda. Mapemphero atatha, Nambande anamanga nsalu m'chiuno nayamba ulendo wopita kumene anthu ankangokutchula kuti ku malo atsopano.

Unali mtunda wa miyala, wopanda mthunzi ndi umodzi womwe. Matenti oyera anali m'mizere, mphepo ikuwaomba ngati zovala pa chingwe. Panja panali mabedi, malata opindika, nkhuku zomangidwa miyendo, ndi mzere wautali wa zigubu zopanda kanthu zodikira galimoto ya madzi. Mnzake uja anam'peza atakhala pa mpando wa makina osokera, makinawo palibe.

"Mwabwera kudzaona kwanu, amnzanga?" anatero mayiyo. "Sankhiranitu. Tenti ya kumapeto ijo mphepo siivutitsa kwenikweni."

"Musatero, mayi."

"Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anatilonjeza mjigo, sukulu ndi chipatala. Mjigo ndi uwo." Analoza mulu wa mapaipi amene ana ankaseweretsa. "Munda anatipatsa, inde. Khasu likamenya pansi limatulutsa moto."

"Nanga odwala mumatani nawo?"

Mayiyo anapotokola ngodya ya nsalu yake.

"Mpongozi wanga nthawi yake inakwana tili kuno. Tinamunyamula pa chitseko, chija anatikhomera amuna anu. Chitseko cholimba, mukawathokoze. Chipatala chili kutali, amnzanga. Anachirira panjira, pansi pa thanthwe. Iye ali moyo, ndi uyo wagona m'tentimo, sayankhula ndi munthu. Mwana tinamuika uko. Tinangounjika miyala, chifukwa nthaka siikumbika."

Nambande anafuna kunena mawu otonthoza, a m'Malemba amene anawaloweza ali mtsikana, koma onse anam'thawa.

"Tipemphere," anatero pomaliza.

"Pempherani inu. Ine ndayesa kuyambitsa nyimbo kuno, mawu satuluka. Mwana wanu woyembekezera uja watsala pang'ono, eti?"

"Watsala pang'ono."

"Mulungu akuchitireni chifundo."

Pobwerera, atafika pa chitunda, Nambande anaona kwawo patali. Dera lonse linali lofiirira ndi fumbi, koma pakati pake panali kadontho kobiriwira, kokongola ngati munda woyamba uja wa m'Malemba. Masiku onse ankati akaona pamenepo mtima unkakhala pansi. Tsikulo anaima pamsewu ngati waona chilombo chagona pakhomo pake.

M'mawa mwake anapita kumsika. Anagula mchere pang'ono pa okala iyi, pang'ono pa inayo, kuti asafunsidwe mafunso. Anachita chimodzimodzi tsiku linalo, ndi linzake. Sabata imeneyo mwamuna wake ankakonza madesiki kusukulu, ndipo ankachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Alonda nawo masana ankabisala dzuwa. Nambande anateleka mgolo wochapira pamoto, nathiramo mchere, nadikira mpaka madzi atabwadamuka.

Anayambira ku mtengo wa kumapeto kwa munda. Ankaudziwa. Unali uja unathyoledwa ndi ng'ombe uli waung'ono, iye naumanga ndi kansalu mpaka unalumikizana. Anakumba ndi manja kuzungulira tsinde mpaka mizu itaoneka, yoyera ngati zala za khanda.

"Ambuye, musayang'ane kuno," ananong'ona.

Anathira. Nthunzi inakwera, ndi fungo la dothi lophika. Anakwirira, nawazapo masamba ouma, napita pa wina. Madzi ankam'tayikira pamanja, khungu n'kutuwa n'kutupa matuza, koma sanaime.

Tsiku lina potembenuka ndi ndowa anapeza mwana wake ataima pakhonde.

"Amayi, madziwo akufuka nthunzi."

"Lowa m'nyumba. Sunaone kanthu."

"Mukuipha, amayi? Inuyo?"

"Ndati lowa m'nyumba."

"Ababa akudziwa?"

"Sakudziwa, ndipo sadziwa. Wosadziwa saulula, ngakhale am'menye chotani. Tchizulo chimasiya bala, madzi sasiya. Ukufuna ukachirire pansi pa thanthwe iwe?"

Mwanayo anagwira mimba ndi manja onse awiri, nalowa.

Madzulo Nambande ankabisa manja m'nsalu. Mwamuna wake atafunsa, anati wapsa ndi mphika. Linali bodza lake loyamba kwa munthu ameneyo chikwatirane.

Masamba anayamba kufota kunsonga. Kenaka anasanduka achikasu, nayamba kuyoyoka ngakhale popanda mphepo. Dzuwa linayamba kulowa pabwalo pamene linali lisanafikepo kwa zaka. M'mawa wina kalipentala anatuluka kukasukusula, ndipo mkazi wake anamumva akufuula.

"Mayi! Tuluka udzaone! Yonse, mpaka ya kumunda!"

Anam'peza atagwada pa masamba oyoyoka, manja ali m'mwamba.

"Ndinkakunyoza ndi mapemphero ako. Ndikhululukire. Taona, palibe nkhwangwa, palibe chikwanje, koma Mulungu watumiza matenda ake. Amene anaumitsa nyanja angalephere mtengo? Yambitsa nyimbo, mayi. Yambitsa iliyonse, ine ndilandira ngakhale mawu anga ali ngati sowo yochekera matabwa."

Nambande anabisa manja m'nsalu, misozi ikutsika.

"Ukulira mitengo yako? Lira, ndikumvetsa. Unailera ngati ana. Koma nyumba yatsala."

Kuyambira pamenepo Nambande sankadya bwino. Njinga yamoto ikalira kumsewu, ankasiya chimene akuchita n'kutchera khutu. Galu akauwa, ankathamangira pawindo. Kumtunda kwa mtsinje kunkaoneka fumbi la malole, tsiku lililonse likuyandikira. Ankasesa masamba n'kuwaunjika pa matsinde, mphepo n'kuwabalalitsa, iye n'kuunjikanso. Akagwada kuti apemphere, ankangomva fungo la dothi lophika.

Oyendera anafika Lachinayi m'mawa pa galimoto yoyera, alonda akutsatira pa njinga zamoto. Jombo anali pakati pawo, chipewa atachitsitsira kumaso. Mkulu wawo anali mnyamata waulemu, wovala magalasi, ndipo anthu a m'deralo ankangomutcha Wamagalasi. Anthu oyandikana nawo anasonkhana patali, kuseri kwa mpanda.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Mwadzuka bwanji, bambo?" anatero Wamagalasi, atavula chipewa. "Pepani ndi mitengoyi. Ndikudziwa mmene munkaikondera. Yayamba liti?"

"Ndi matenda, bwana," anatero kalipentala mokondwa. "Kaya ndi chiswe, kaya n'chiyani. Zochita Mulungu sitifunsa."

"Zoona."

Wamagalasi anayenda pang'onopang'ono pakati pa mitengo, akugogoda matsinde, akuyang'ana makungwa. Sanapeze bala. Nambande anayamba kupuma. Kenaka mnyamatayo ananjuta pa mtengo wa pafupi ndi khonde, nakankha masamba ouma ndi dzanja. Dzuwa la masiku amenewo linali litaumitsa nthaka, ndipo mchere unali utakwera pamwamba. Kuzungulira tsinde panali mkombero woyera. Anakhudza ndi chala, nalawa. Anapita pa mtengo wina, ndi wina. Paliponse mkombero womwewo.

"Chiswe sichithira mchere," anatero, akupukuta chala pa buluku.

Wamagalasi anayang'ana benchi, sowo, ndi matabwa oimikidwa pakhoma.

"Ndinu kalipentala, bambo?"

"Inde, koma matabwa ndimagula. Mitengo iyi sindinaikhudze."

"Mtengo wouma ndi thabwa la mawa. Alipo amene akudziwapo kanthu?" Anatembenukira kwa anthu a kumpanda. "Malire tikhoza kuwakulitsa mpaka titapeza wolakwa."

Anthu anayang'anana. Bambo wina woweta mbuzi, amene nyumba yake inali kunja kwa malire, anakhosomola.

"Ife sitinaone kanthu, bwana. Kungoti tsiku lina tinawamva akukuwa kuti mitengo iume, apume. Mudzi wonse unamva."

"Amwene!" anafuula kalipentala. "Chitseko cha khola lanu ndinakukhomerani mwaulere!"

"Mangani," anatero Wamagalasi motsitsa. "Iwe Jombo, chingwe chili ndi iwe."

Nambande sanadziwe mmene anafikira pakati pawo. Anangopezeka wagwada patsogolo pa mnyamatayo.

"Ndine, bwana! Ndine ndinathira. Iwowa sakudziwa kanthu, anali kusukulu. Ndinawiritsa madzi mu mgolo uwo, mchere ndinagula ndekha. Mangani ine."

Wamagalasi anam'yang'ana mwachisoni. Anatulutsa foni m'thumba, naisuntha ndi chala, nam'sonyeza. Nambande anadziona yekha. Anali atasenza ndowa, mbande ili m'manja, akuseka mano onse ali panja. Anakumbukira kuti chaka china kunabwera alendo ndi makamera, iye nawasekerera monga amachitira ndi mlendo aliyense. Pansi pa chithunzicho panali mawu a chilankhulo chimene sankachidziwa.

"Mayi, chithunzi ichi chili m'mabwalo a ndege ndi m'maofesi akuluakulu kunja. Anthu amene amalipira mitengoyi amaidziwa nkhope yanu kuposa yanga. Ndikakanena kuti mayi wa pa chithunzi wapha mitengo, ntchito yonse yagwa. Ine ndachotsedwa, alonda onsewa achotsedwa, mlongo wanu yemwe. Mkazi wabwino amafuna kusenza mlandu wa mwamuna wake, ndikumvetsa. Koma inu simungaphe mtengo."

"Onani manja anga!" Anawatulutsa m'nsalu. Matuza anali ataphulika, khungu likusendeka mpaka m'mikono.

Wamagalasi anayang'ana kumbali.

"Ngozi za kukhitchini, mayi."

Koma kalipentala anawayang'ana manjawo nthawi yaitali. Anayang'ana mgolo, nayang'ana mkazi wake. Nambande anaona pankhope pake kuti wazindikira zonse, ndi za tsiku lija anagwada pa masamba. Anadikira kuti amukalipire.

"Khala chete, mayi," anatero kalipentala mofatsa. "Usanamizire anthu. Ndine ndinathira, bwana. Mkaziyu mutu wake wasokonezeka ndi chisoni."

"Bambo!"

"Ndati khala chete. Mwana ali pakhondeyo akufuna iwe. Nthawi yake ikakwana, ine ndingam'thandize chiyani ndi hamala?" Anatambasulira manja kwa Jombo. "Mangani, alamu. Musathinitse kwambiri, manjawa ndi odyera."

Jombo anamanga, maso ali pa chingwe.

Mwana wachisamba anatsika pakhonde atagwira mzati.

"Bwana, nanga nyumba? Mitengo yauma. Tinamva kuti ikauma malire amakhota."

"Ikauma yokha, achemwali," anatero Wamagalasi. "Malo owonongedwa dala timawabwezeretsa. Tibzala ina, ndipo banja lowononga silingakhale pafupi nayo. Si ine, ndi malamulo a amene amatituma."

Sanavutike n'kupaka utoto. Lole inafika masana omwewo. Alonda anatulutsa bedi, mbaula, mabuku a nyimbo, benchi ndi zida zake, naziponya pamwamba. Jombo ndiye anakwera padenga. Ankazula misomali imene mlamu wake anakhoma, malata akulira, ndipo sanayang'ane pansi. Mwana wachisamba anafuula kamodzi kokha kuti, "Amalume!" Chitsulo chinaima pang'ono m'manja mwake, kenaka chinapitiriza.

Kalipentala anali atakhala kumbuyo kwa galimoto yoyera. Khoma loyamba litagwa, anatseka maso.

Asananyamuke, Wamagalasi anaitana Nambande pambali.

"Mayi, ine si munthu woipa. Ilipo njira yothandizira bambowa. Mvula ikayandikira kudzabwera alendo ochokera kunja, ndipo adzafuna kuona mayi wa pa chithunzi ali pa ntchito. Tibweretsa mbande zatsopano. Palibe amene zimamumvera ngati inu. Zikaphuka bwino, ndidzakalankhula ndi akuluakulu kuti mlandu aupeputse."

"Nanga zikauma? Nthakayi ili ndi mchere."

Wamagalasi anavula magalasi, nawapukuta ndi malaya, nakakwera galimoto.

Anawapatsa tenti ya kumapeto. Masiku otsatira, m'mawa uliwonse kukangoyera, Nambande ankasiya mwana wake m'manja mwa mayi woyambitsa nyimbo uja.

"Zikangoyamba, tumani munthu athamange," ankatero. "Asayende, athamange."

"Pitani, amnzanga. Chitseko chilipo."

Ankatsika mtunda wa miyala, kuwoloka mtsinje, mpaka pamene panali kwawo. Mitengo youma anali atadula n'kutenga. Njerwa anali atazikankhira kumbali. Mbande zimene anabzala m'munda zinkafota, chifukwa mchere sunachoke. Zimene zinagwira ndi zimene anabzala pamene panali nyumba, pakuti pamenepo pokha sipanathiridwe kanthu. Choncho mizere inadutsa m'chipinda chochezera, kulowa kuchipinda chogona, kutulukira kukhitchini. Nambande ankadziwabe pamene panali chitseko, ndipo mapazi ake ankalowera pomwepo ngakhale panalibe khoma loti limuletse kudutsa pena.

Ankathirira pang'onopang'ono, khutu lili kunjira ya ku matenti. Tsamba likapendeka, mtima unkamuchoka, pakuti zikauma mwamuna wake sabwera. Tsamba latsopano likatuluka, mtima unkamuchokanso, pakuti zikakula palibe wa mbumba yake adzagonenso pamenepo.

Tsiku lina ali chogwada pamene panali bedi lawo, akufukulira mbande ndi zala zake zamabala, anamva nsapato zolemera kumbuyo kwake. Anadzidzimuka, poganiza kuti ndi mthenga wa ku matenti.

"Wayamba? Mwana wanga wayamba?"

"Ayi, achemwali." Anali Jombo, akuyang'ana pansi. "Sindinamve kanthu za kumeneko."

"Nanga alamu ako? Unawaona?"

"Ndinawaona kundende Loweruka. Aonda, akutsokomola. Ati ndikuuzeni kuti musamachedwe kubwerera kwa mwana."

Kumsewu kunaima magalimoto. Munatsika anthu ovala zipewa zazikulu, akuloza mizere ya mbande, akugwedeza mitu mokondwa. Wamagalasi anali patsogolo, akuwafotokozera ndi manja. Mmodzi anali atanyamula kamera.

"Alendo aja ndi amenewo," anatero Jombo. "Ati musenze ndowa. Ati manjawo muwabise kuseri kwa mbande. Ati mumwetulire, achemwali."

Nambande anayang'ana kunjira ya ku matenti. Kunalibe munthu wothamanga. Anapukuta nkhope ndi ngodya ya nsalu, nasenza ndowa, naimirira pakati pa chipinda chake chogona. Anakoka milomo mpaka mano anaoneka.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Mulungu wa osowa pothawira akusungireni khomo lanu. Ntchito yabwino ya manja anu isasanduke msampha wa ana anu. Akupatseni maso oona misozi ya amene amwetulira mokakamizidwa, ndi pakamwa posaopa kuwalankhulira. Mtendere wake ukhale pa inu, pa otuluka ndi olowa m'nyumba mwanu, ndi pa onse amene lero agona m'matenti. Ameni.